Akatswiri akugwiritsa ntchito mawu pofufuza mafuta otayika pansi pa madzi oundana

Akatswiri a sayansi a ku America ndi ku Britain adapeza kuti mawu otumizidwa kuchokera pansi pa nyanja angathe kuonetsa pamene pabisala mafuta otayika kunsi kwa madzi oundana, komanso kuyeza kuchuluka kwake, ntchito imene ndege, masetilaiti ndi maso a munthu zimalephera kuigwira.

Zotsatira za kafukufukuyu zidasindikizidwa m'zaka za 2015 ndi 2016 m'magazini ya bungwe la Acoustical Society of America. Nkhaniyi ikukhudza kwambiri maiko ozungulira nyanja ya Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, komwe maulendo a sitima zapamadzi ndi ntchito zokumba mafuta zakhala zikulowerera pamene madzi oundana akunka nachepa.

Komabe umboni waukulu wa njirayi udachokera m'mathanki a m'nyumba zochitira kafukufuku, osati panyanja penipeni. Pa chifukwa ichi, maboma amene amapereka ziphaso zokumbira kapena kunyamula mafuta m'derali ali ndi funso loti ayankhe: mafuta atatayika lero pansi pa madzi oundana, angawapeze bwanji, nanga angawapeze nthawi isadathe?

Nyanja imene ikutseguka

Nyanja ya Arctic idazunguliridwa ndi maiko a Russia, Norway, Canada, America kudzera m'chigawo chake cha Alaska, komanso Denmark kudzera m'chilumba cha Greenland. M'nyengo yozizira mbali yaikulu ya nyanjayi imaundana pamwamba, ndipo madzi oundana a chaka chimodzi amakhuthala mita imodzi mpaka mamita awiri.

Kuyambira m'chaka cha 1979 pamene masetilaiti adayamba kuyeza derali mosadumphitsa, malo okutidwa ndi madzi oundana m'mwezi wa Sepitembala akhala akuchepa ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 alionse pa zaka khumi zilizonse. Mu Sepitembala 2012 malowa adatsika kufika pa masikweya kilomita 3.4 miliyoni.

Kutseguka kwa nyanjaku kudakopa amalonda. M'chaka cha 2008 nthambi ya boma la America yoona za nthaka ndi miyala ya US Geological Survey idayerekeza kuti kumpoto kumeneku kuli migolo 90 biliyoni ya mafuta amene sadafukulidwe, omwe ndi magawo 13 pa 100 alionse a mafuta osatulukiridwa pa dziko lonse. Mu Disembala 2013 dziko la Russia lidayamba kupopa mafuta pa nsanja ya Prirazlomnaya m'nyanja ya Pechora, yomwe imakhala youndana kwa miyezi yambiri pachaka. Katundu wodutsa njira ya sitima ya kumpoto kwa Russia adaposa matani 36 miliyoni m'chaka cha 2023.

Ngozi nazo sizidachedwe kuchenjeza. Tsiku lomaliza la chaka cha 2012, chombo chokumbira mafuta cha kampani ya Shell chotchedwa Kulluk chidaduka zingwe zochikokera m'namondwe n'kukatsakamira pa gombe pafupi ndi chilumba cha Kodiak ku Alaska. Kampaniyi idasiya ntchito yofufuza mafuta m'nyanja ya Chukchi m'chaka cha 2015 itapeza kuti mafuta a pa chitsime chake adali osakwanira.

Lipoti la bungwe la maiko a m'derali la Arctic Council lonena za maulendo a sitima, lomwe lidatuluka m'chaka cha 2009, lidati chiopsezo chachikulu chimene sitima zimabweretsa ku chilengedwe cha m'nyanjayi ndi kutayika kwa mafuta.

Kuopsa kwake kudaoneka kale ku Alaska pa 24 Marichi 1989, pamene sitima ya Exxon Valdez idagunda mwala ku Prince William Sound n'kutaya malita pafupifupi 41 miliyoni a mafuta osayenga. Mafutawo adaipitsa magombe otalika makilomita pafupifupi 2,100 ndipo adapha mbalame za m'nyanja zokwana pafupifupi 250,000. Ngoziyi idachitika pa madzi oyera, pomwe mafuta ankaoneka ndi maso. Kumpoto kwa Alaska, komwe anthu a mtundu wa Inupiat amadalira anangumi ndi nsomba pa chakudya chawo, mafuta otere angathe kulowa pansi pa madzi oundana osaonekanso.

Mafuta akalowa kunsi kwa madzi oundana

Mafuta osayenga ndi opepuka kuposa madzi a m'nyanja yamchere, choncho akatuluka m'paipi yophulika kapena m'sitima yomira amakwera m'mwamba. Pa nyanja yotseguka amamwazika n'kupanga kautoto kopyapyala kofika kutali. Pa nyanja youndana amakagunda denga la madzi oundana n'kuima pomwepo.

Dengali silosalala. Lili ndi maenje ndi zitunda, ndipo mafuta amadzaza m'maenjemo ngati mmene madzi a mvula amadikhira m'zithaphwi, kungoti kumeneku zithaphwizo ndi zozondoka. M'malo otere mafuta amakhuthala masentimita angapo.

M'nyengo yozizira madzi oundana amakula chotsika pansi. Pakangopita masiku owerengeka, madzi a kunsi kwa mafutawo nawo amaundana, ndipo mafuta amatsekeredwa pakati ngati ndiwo zokulungidwa m'chikwatu. Pamenepo mphepo ndi mafunde a pansi zimakankha chigulu chonsecho makilomita angapo pa tsiku, kotero kuti pakutha pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi mafuta angathe kukhala ali kutali kwambiri ndi pamene padachitikira ngozi, mwinanso m'madzi a dziko lina.

Nyengo yofunda ikafika, timitsempha ta madzi amchere timene timakhala m'kati mwa madzi oundana timatseguka, ndipo mafuta amakwera m'timitsemphamo n'kutulukira pamwamba. Izi zidatsimikizika pa kafukufuku wa ku Balaena Bay kumpoto kwa Canada m'zaka za 1974 ndi 1975, pamene akatswiri adathira mwadala mafuta pansi pa madzi oundana n'kuwatsatira mpaka adatulukira.

Khalidwe limeneli lili ndi ubwino wake. Madzi oundana amaletsa mafuta kumwazika, ndipo kuzizira kumawasunga osasintha msanga, kotero kuti akatulukira amathabe kuyaka, ndipo ogwira ntchito angathe kuwatentha pomwepo. Koma ubwinowu umagwira ntchito pokhapokha ngati akuluakulu akudziwa chigulu chimene chanyamula mafuta, kuti aikepo zida zosonyeza kumene chikulowera ndi kukonzekera kukachichingamira. Ngati sakudziwa, mafuta amatulukira mwadzidzidzi pa nthawi imene mbalame ndi anangumi zikubwerera kumpoto.

Mu Marichi 1979 sitima ya Kurdistan idathyoka pakati mu Cabot Strait ku Canada itawombana ndi madzi oundana, n'kutaya matani pafupifupi 7,000 a mafuta olemera. Mafutawo adasakanikirana ndi zibenthu za madzi oundana ndipo adapitiriza kufika m'magombe a Nova Scotia kwa miyezi ingapo.

Chifukwa chake kuyang'ana kuchokera kumwamba sikukwanira

Pa nyanja yotseguka, masetilaiti okhala ndi zida za radar amazindikira mafuta chifukwa mafutawo amaziziritsa timafunde ta pamwamba pa madzi, ndipo malowo amaoneka akuda pa chithunzi. Pamene paundana palibe timafunde, choncho chizindikirochi sichipezeka. Makamera a pa ndege nawo amangoona madzi oundana ndi chipale chofewa chimene chagwa pamwamba pake.

Kuwonjezera apo pali mdima. Mu mzinda wa Utqiagvik, womwe kale unkatchedwa Barrow, kumpoto kwa Alaska, dzuwa silituluka kuyambira pakati pa Novembala mpaka chakumapeto kwa Januwale.

Njira yakale ndi yoti anthu ayende pamwamba pa madzi oundana akuboola mauna ndi kusuzumiramo. Ntchitoyi ndi yochedwa, ndi yoika moyo pachiswe, ndipo sitheka pamene madzi oundana ndi opyapyala kapena ong'ambika. Akatswiri adayesanso zida za radar zoloza pansi, zokokedwa pamwamba kapena zomangirira ku helikoputa. Zidazi zimagwira bwino ntchito madzi oundana akakhala ozizira kwambiri, koma akayamba kufunda mchere wa m'kati mwake umameza mphamvu ya radar. Ku zilumba za Svalbard m'dziko la Norway, bungwe la kafukufuku la SINTEF lidaonetsa m'chaka cha 2008 kuti agalu ophunzitsidwa amatha kununkhiza mafuta obisika m'chipale chofewa ndi m'madzi oundana, koma galu sangathe kuyendera dera lalikulu ngati boma lathunthu.

Ichi n'chifukwa chake akatswiri adaganiza zotembenuza ntchito yonse: m'malo moyang'ana pansi kuchokera kumwamba, ayang'ane m'mwamba kuchokera pansi pa madzi, pomwe palibe chotchinga pakati pa chida ndi mafuta.

Mmene mawu amagwirira ntchito

Kuwala ndi mafunde a wailesi sizipita patali m'madzi amchere, koma mawu amayenda bwino kwambiri. Mu mpweya mawu amathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, pomwe m'madzi amathamanga mamita pafupifupi 1,500.

Chida chotchedwa sonar chimatulutsa kamawu kafupi, kenaka chimamvetsera kuti kamawuko kabwerera liti. Ndi nzeru yomweyo imene mleme umagwiritsa ntchito pouluka mumdima, komanso imene ili m'makina a sikani omwe madokotala amaonera mwana ali m'mimba mwa mayi wake. Popeza liwiro la mawu ndi lodziwika, nthawi imene apita ndi kubwerera imapereka mtunda. Mwachitsanzo, pamalo pozama kwambiri pa nyanja ya Malawi, pomwe ndi mamita pafupifupi 700, mawu otumizidwa kuchokera m'boti angabwerere sekondi imodzi isadakwane bwino.

Luso limeneli lidayamba chifukwa cha madzi oundana omwewa. Sitima ya Titanic itamira m'chaka cha 1912 chifukwa chogunda chiphiri cha madzi oundana, akatswiri adayamba kufunafuna njira yochenjezera amalinyero, ndipo m'chaka cha 1914 Reginald Fessenden wa ku Canada adazindikira chiphiri chotere pa mtunda wa makilomita pafupifupi atatu pogwiritsa ntchito mawu obwerera.

Mawu amabwerera paliponse pamene achoka m'chinthu china kulowa m'chinthu chosiyana nacho kulemera kapena kulimba. Pansi pa denga lopanda mafuta pali malire amodzi okha, a madzi ndi madzi oundana, choncho mawu amabwerera kamodzi. Pamene pali mafuta malire amakhala awiri: oyamba pamene madzi akumana ndi mafuta, achiwiri pamene mafuta akumana ndi denga. Chida chimamva mawu akubwerera kawiri motsatizana.

Mpata wa pakati pa kubwerera koyamba ndi kwachiwiri ndiwo umaulula kukhuthala kwa mafuta. Ngati mafuta akhuthala masentimita atatu, mawu amayenda masentimita asanu ndi limodzi m'kati mwake popita ndi pobwerera, ndipo ulendowu umatenga magawo pafupifupi 40 a sekondi imodzi itagawidwa ka 1 miliyoni. Kompyuta imatha kuyeza kanthawi kochepa chotero. Kukhuthalaku kukachulukitsidwa ndi kukula kwa dera limene chida chayendamo, pamapezeka chiwerengero cha malita amene atayika.

Pali chizindikiro chinanso. Kunsi kwa madzi oundana amene akukula n'kofewa ndiponso n'kwa timauna tambirimbiri, motero kumabweza mawu momwazika. Kunsi kwa mafuta odikha n'kosalala ngati galasi, ndipo kumabweza mawu molunjika. Kusiyana kumeneku kumathandiza kusiyanitsa malo oyera ndi malo oipitsidwa.

Kuti mawu awiri oyandikana chotero asamveke ngati amodzi, pamafunika mawu okwera kwambiri. Mawu alionse ndi kunjenjemera, ndipo khutu la munthu limamva kunjenjemera kosapitirira ka 20,000 pa sekondi. Zida za pa kafukufukuyu zimapitirira pamenepa kutalitali. Kuwonjezera apo, sizitulutsa liwu limodzi lokha ngati wenzulo, koma zimayamba motsika n'kukwera mofulumira m'kamphindi kamodzi. Kusiyanasiyana kwa mawuku ndiko kumathandiza kompyuta kulekanitsa malire otalikirana ndi sentimita imodzi yokha kapena kucheperapo.

Zimene kafukufuku adapeza

Ntchitoyi idatsogoleredwa ndi Christopher Bassett, Andone Lavery ndi Ted Maksym a ku Woods Hole Oceanographic Institution ku Massachusetts m'dziko la America, mogwirizana ndi Jeremy Wilkinson wa bungwe la British Antarctic Survey.

Akatswiriwa adaundanitsa madzi amchere m'mathanki akuluakulu, adaika zida zawo pansi zitaloza m'mwamba, kenaka adapopera mafuta osayenga kunsi kwa denga lomwe lidapangika. Ena mwa mayesowa adachitikira ku Cold Regions Research and Engineering Laboratory, malo a kafukufuku a asilikali a America mu mzinda wa Hanover ku New Hampshire.

Malinga ndi zimene adasindikiza m'chaka cha 2016, adagwiritsa ntchito mawu onjenjemera kuyambira ka 75,000 mpaka ka 590,000 pa sekondi, pa mafuta okhuthala kuyambira masentimita 0.7 mpaka 8.1. Malire a madzi ndi mafuta komanso a mafuta ndi madzi oundana adaoneka bwino, ndipo zimene zida zidamva zidagwirizana ndi masamu amene akatswiriwo adawerengeratu.

Mafuta adapitiriza kuzindikirika ngakhale pamene madzi a kunsi kwake adayamba kuundana n'kuwatsekera. Koma mafuta otsekeredwawo ankapezeka pokhapokha chida chikaloza molunjika m'mwamba. Chitapendekeka ndi madigiri 20, mawu obwerera adali osokonekera ndipo ankasinthasintha malo ndi malo.

Zovuta zimene zatsala

Vuto loyamba ndi la nthawi. Madzi oundana amameza mawu okwera, choncho pamene chotchinga cha kunsi kwa mafuta chikukhuthala, mawu obwerera kuchokera ku mafutawo amanka nafooka. Njirayi ili ndi mphamvu kwambiri m'masiku oyambirira ngozi itangochitika, ndipo zida zikachedwa kufika mwayi umachepa.

Apa ndi pamene mtunda umapweteka. Bwalo la ndege la asilikali olondera gombe a America ku Kodiak lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku gombe la kumpoto kwa Alaska. Lipoti la bungwe la National Research Council la m'chaka cha 2014 lidati dera la Arctic la dzikolo lidalibe madoko, zipangizo ndi anthu okwanira kuthana ndi ngozi yaikulu ya mafuta.

Vuto lachiwiri ndi la chonyamulira chida. Mawu okwera sapita patali m'madzi, motero chida chiyenera kuyenda pafupi ndi denga. Ntchitoyi imafuna timasitima topanda munthu toyenda tokha pansi pa madzi, kapena toyendetsedwa ndi chingwe kuchokera pa una woboola pamwamba. M'chaka cha 2004 kasitima kotere ka ku Britain kotchedwa Autosub 2 kadajambula ndi sonar kunsi kwa madzi oundana kumpoto chakum'mawa kwa Greenland, zomwe zidaonetsa kuti n'zotheka. Koma mu Febuluwale 2005 kasitima komweko kadalowa pansi pa madzi oundana a Fimbul ku Antarctica ndipo sikadabwererenso. Pansi pa madzi GPS sigwira ntchito, ndipo pamene pali denga, kasitima kakasokonezeka sikangathe kungoyandama kuti akatole.

Vuto lachitatu ndi lakuti nyanja yeniyeni si thanki. Zigulu za madzi oundana zikawombana zimaunjikana n'kupanga zitunda zolendewera pansi mamita oposa 20, zodzaza ndi mapanga momwe mafuta angabisale. Komanso chitsime cha mafuta chikaphulika chimatulutsa gasi, ndipo thovu la gasi limabweza mawu mwamphamvu kuposa mafuta, kotero kuti lingathe kuphimba chizindikiro chimene chikufunidwacho. Pa zifukwa zimenezi akatswiri amalimbikitsa kuti kasitima kamodzi kazinyamula sonar pamodzi ndi kamera ndi zida zina zozindikirira mafuta, kuti china chikalephera chinzake chithandize.

Udindo wa maboma

Maiko asanu ndi atatu a bungwe la Arctic Council adasainirana pangano lothandizana pa ngozi za mafuta mu mzinda wa Kiruna ku Sweden mu Meyi 2013. Bungwe la United Nations loona za maulendo apanyanja la International Maritime Organization, lomwe dziko la Malawi ndi membala wake, lidakhazikitsa malamulo apadera a sitima zoyenda m'madera oundana, omwe adayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2017. Kuyambira pa 1 Julayi 2024 bungweli lidaletsa sitima kugwiritsa ntchito mafuta olemera mu Arctic, ngakhale kuti sitima zina zidapatsidwa mpata mpaka Julayi 2029.

Mgwirizanowu udagwedezeka mu Marichi 2022, pamene maiko asanu ndi awiri adaimitsa ntchito zawo m'bungwe la Arctic Council chifukwa cha nkhondo ya Russia ku Ukraine. Magulu a akatswiri adayambiranso kukambirana pa intaneti m'chaka cha 2024. Dziko la Russia lili ndi pafupifupi theka la gombe lonse la nyanjayi, ndipo madzi oundana onyamula mafuta safunsa chitupa pa malire.

Nyanja ya Malawi siundana, komabe funso la maiko a kumpotowa silachilendo kuno. M'chaka cha 2011 boma lidapereka chiphaso chofufuzira mafuta pa nyanjayi ku kampani ya Surestream Petroleum ya ku Britain, ndipo nkhaniyi idadzetsa mtsutso chifukwa cha usodzi komanso malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 1984. Ngozi ya Deepwater Horizon ya m'chaka cha 2010 ku Gulf of Mexico idaonetsa kuti mafuta angathenso kubisala m'madzi akuya osafika pamwamba, ndipo kumeneko akatswiri a ku Woods Hole adagwiritsa ntchito zida za mawu poyeza kuchuluka kwa mafuta amene ankatuluka m'chitsime.

Akale adati madzi akatayika saoleka. Mafuta amaoleka pang'ono, koma okhawo amene apezeka msanga. Kafukufuku wa ku Woods Hole waonetsa kuti chida chowapezera pansi pa madzi oundana n'chotheka kupanga. Chatsalira maboma ndi makampani ndi kuchiyesa panyanja yeniyeni, kuchiika pafupi ndi malo a ngozi, kuphunzitsa anthu ochigwiritsa ntchito, ndi kulemba zonsezi m'mfundo za chiphaso ntchito yokumba kapena kunyamula mafuta isadayambe.